Timabotolo ta a Wakujoni: fungo ndi lomwe linakola nsomba ku Mpamba?

Makanika wa ku Luwinga: Abale, ndakhala chete kuyambira Loweruka koma zikundidya mumtima, bola ndingonena. Mpikisano wathu wowedza nsomba wa pa damu la ku Mpamba uja sunayende bwino. Tonse tinapita ndi nsima, nyongolotsi ndi ziwala monga mwa masiku onse. Ndiye munthu wina akupisa m'chikwama n'kutulutsa timabotolo tinayi ta ku Joni, kena kofiira, kena kobiriwira ngati madzi a mu radiyeta, n'kumaviika nyambo mmenemo. Damu lonse kununkhira nthochi. Pa sikelo iye makilo 6 ndi theka, ine wachiwiri makilo 3. K5,000 yanga yolowera ija ikundiwawabe. Kodi zimenezi n'zololedwa pa gulu pano?

Wakujoni: Amwene, tangotchulani dzina, aliyense akudziwa kuti mukunena ine. Pa malamulo amene a Adimini anatumiza palibe pomwe analemba kuti nsima ikhale yosathira kanthu. Komanso inuyo ndinakuonani mukulavulira nyongolotsi musanaponye. Malovu aja si mankhwala?

Kabaza Zolozolo: kkkkkk malovu a makanika, fuleva ya dizilo

Makanika wa ku Luwinga: Kulavulira ndi mwambo chabe, anatiphunzitsa agogo athu. Musasakanize nkhani.

Adimini: Tiyeni tikambirane mwaulemu akuluakulu. Zoti malamulo sanatchule za mafungo n'zoona, ndipo cholakwa ndi changa chifukwa sindinaganizeko kuti pangapezeke munthu wobwera ndi famase ku damu. Mphotho ya Loweruka yapita, sitibweza. Chomwe tikufuna pano ndi chakuti ulendo wa mwezi wamawa tilole kapena tiletse. Koma tisanaletse chinthu tiyambe tadziwa ngati chimagwiradi ntchito.

Wakujoni: Zikomo a Adimini. Ndifotokoze komwe ndinazitenga, chifukwa ena akuona ngati ndinachokera kwa sing'anga. Ndagwira ntchito ya m'dimba ku Johannesburg zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo bwana wanga anali wopenga ndi mpikisano wowedza. Loweruka lililonse ine kunyamula katundu wake, ulendo ku Vaal Dam, nthawi zina Hartbeespoort, kamodzi tinafika mpaka ku Bloemhof. Kumeneko si zocheza ayi. Anthu amandandalika m'mbali mwa damu, aliyense pa nambala yake imene watola pa mayere, wezulo ikalira onse kuponya. Nsomba imene amalimbirana kwambiri ndi carp. Amapera chimanga chokazinga, kunyowetsa pang'ono, kuumba chibulunga ngati dzira pa kasipuling'i kamene kali pafupi ndi mbedza, iwo amati mieliebom. Chibulungacho chikafika pansi chimayamba kuphwasuka, nsomba zimabwera kudzatola, n'kupezanso mbedza ili pomwepo ndi njere ya chimanga. Tsono asanaponye amadontheza mankhwala aja pa chibulungacho. Bwana wanga anali ndi bokosi lamatabwa lokhala ndi timabotolo toposa makumi atatu: nthochi, adyo, vanila, uchi, sinamoni, ena onunkha ngati m'chipatala. Ndipo iwo eniake amawatchula kuti muti, mawu omwewo a mankhwala. Madzi akazizira ankasankha onunkha mwaukali, kukatentha a zipatso. Anthu amenewa amawononga ndalama zambiri, mukuganiza kuti onsewo ndi opusa?

Kabaza Zolozolo: Anthu amawononganso ndalama zambiri pa kubetcha mpira achimwene, sizitanthauza kuti amawina

Mtonga wa pa Chikale: Ine ndabadwira pa nyanja, bambo anga akalambira m'bwato, ndipo botolo lokhalo limene ndinawaonapo nalo ndi la palafini wa nyali. Kampango ndi ncheni timakola ndi usipa, basi. Chofunika n'choti usipawo ukhale wa lero. Ukagona umafewa, umangosweka pa mbedza, ncheni kuuyang'ana n'kudutsa. Tili ana pa miyala ya pa Chikale tinkakola tinsomba ndi kondowole wotsala usiku, wopanda ngakhale mchere. Madzi a ku Nkhata Bay mukuwadziwa, umaona nsomba ikubwera, kuzungulira nyambo, kuiyang'ana kaye. Imabwera ndi maso imeneyo. Ngakhale usipa weniweniwo usiku timauitana ndi kuwala kwa nyali, osati nthochi.

Wakujoni: Nyanja ndi ina, damu ndi lina a Mtonga. Damu la ku Mpamba lija mukaviika mkono chala simuchiona.

Mtonga wa pa Chikale: Pamenepo ndivomera.

Mayi a Tawonga: Ndilankhuleko ine amene ndinakhala moyandikana nawo a Wakujoni mpaka masana. Choyamba, kabotolo kachikasu kaja ndinakanunkhiza. Abale, n'chimodzimodzi ndi kamene ndimathira mu keke ya ukwati, ndimagula mu tauni momwemuno. Ngati ndi mankhwala ndiye kuti ine ndine sing'anga wamkulu ku Katoto konse. Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere, palibe amene wanena za malo. A Wakujoni anafika m'mawa kwambiri n'kukhala pakona pomwe paipi imalowetsa madzi. Ine pofika ndinaona udzu wa pamenepo uli wopondedwapondedwa, pansi pali madeya otayika, nkhuku ziwiri za mwini damu zikujompha pomwepo osafuna kuchoka. Ndinamufunsa mnyamata wosamalira damu uja, akuti ndi pamene amaima m'mawa uliwonse pothira madeya. Ndiye nsomba zimene zazolowera kulandira chakudya pakona imeneyo chaka chonse, mukuti zinabwera chifukwa cha Joni? Ine ndinali mamita mwina khumi kuchoka pa iwo, nsima yanga yosathira kanthu, ndinapeza makilo 2 ndi theka, ndipo ndinachoka 12 koloko kuthamangira maliro ku Chibavi.

Makanika wa ku Luwinga: Ehee! Ndiye kuti anatibera pawiri.

Wakujoni: Kulawirira ndi kuba tsopano? Inu munafika 8 koloko mukuti minibasi inachedwa kudzaza.

Makanika wa ku Luwinga: Inachedwadi. Ndiponso inatitsitsa tisanafike n'kutikweza ina, kondakitala osabweza chenji. Koma imeneyo ndi nkhani ina.

Adimini: Tili ndi mwana wathu amene akuphunzira za nsomba pa Mzuni, wangokhala chete. Tatiuze, mabuku akuti chiyani?

Wa pa Mzuni: Zikomo akuluakulu, ndimaopa kulowerera nkhani za makolo. Ndinena zimene ndikudziwa. Nsomba imanunkhiza ndithu. Timabowo tili patsogolo pa maso tija si topumira, madzi amalowa n'kutuluka, ndipo mkatimo muli kachiwalo komva fungo. Koma pali kusiyana kumodzi kumene anthu ambiri sakuganizira. Ife timamva fungo la zinthu zimene zauluka mumpweya. Nsomba imamva zokhazo zimene zasungunuka m'madzi. Ndiye chinthu chikhoza kununkhira damu lonse kwa ife amene tili kumtunda, pansi pa madzi chili ziii. Ngati mankhwalawo ndi amafuta, amangoyandama pamwamba, mumaona timawanga tonyezimira tija, pomwe nyambo yanu ili pansi.

Zimene zimadziwika bwino kuti zimadzutsa njala ya nsomba ndi ma amino acid, tizidutswa timene timapanga mapuloteni. Timatuluka m'thupi la nyongolotsi, m'chiwindi, mu usipa wodulidwa, m'magazi. Nyongolotsi mukaibaya ndi mbedza ikutulutsa kale fuleva yake, yaulere. Opanga chakudya cha nsomba zoweta nawonso amathiramo zinthu zokopa ngati betaine kuti nsomba zidye msanga, ndiye ganizo lenilenilo si labodza. Funso ndi lakuti m'kabotolo ka a Wakujoni muli zimenezo, kapena muli fungo lokopa mphuno ya wogula.

Chinanso ndi mtundu wa nsomba. Mlamba ndiye katswiri. Ndevu zake zisanu ndi zitatu zija ndi zolawira, ndipo ngakhale pakhungu pake pali timalo tomva kukoma, moti tinganene kuti thupi lonse ndi lilime. N'chifukwa chake amadya usiku, m'matope, osaona kanthu. Carp imene amalimbirana ku Joni nayonso imafufuza pansi ndi kukamwa, ili ndi tindevu take, imadalira kwambiri kulawa. Mankhwala aja anapangidwira nsomba imeneyo. Koma kuno carp kulibe m'madamu athu. Inabwera m'dziko muno m'zaka za m'ma 1970, kenako boma linailetsa poopa kuti ikalowa m'nyanja isokoneza nsomba zathu. Ku Mpamba kuja tikuwedza makumba ndi chilunguni, abale ake a chambo, ndipo amenewa maso amagwira ntchito kwambiri. Makumba amadya tizomera ting'onoting'ono tobiriwitsa madzi tija ndi madeya, chilunguni amadya masamba enieni, alimi amamuponyera a chinangwa ndi a mbatata.

Kabaza Zolozolo: Ndiye mwachidule a Wakujoni anabweretsa mankhwala a ng'ombe kudzamwetsa mbuzi

Wa pa Mzuni: Sindinatero ine achimwene kkkk. Ndikuti pa mlamba ndingakhulupirire msanga kusiyana ndi pa makumba.

Wakujoni: Mlamba ku Joni aliko, amamutcha barbel, ndi yemweyu wathuyu. Koma kumeneko ankamukola ndi chiwindi cha nkhuku kapena mutu wa nsomba, za nthochi ayi. Pamenepo mwana wanena zoona.

Madala a ku Chiputula: Monire mose. Ndawerenga zonse, maso anga ndi ofooka ndiye ndimachedwa. Iwe mwana wa pa Mzuni wayankhula bwino, koma usaganize kuti zothira pa nyambo zayamba ndi Joni. Ife tili anyamata tinkapita kwa amayi ofulula mowa kukapempha masese. Madzulo timakathira pa dziwe pamalo amodzi, masiku atatu otsatizana, tsiku lachinayi ndi pomwe timapita ndi mbedza. Nsima ya nyambo timaikanda ndi masese omwewo kuti ichite kafungo kowawasa. Matemba ndi makumba ankachita kulimbirana. Tsono ndikaganiza lero, sindidziwa ngati chinkagwira ntchito chinali fungo la pa mbedza kapena masiku atatu aja amene tinazizoloweza kudya pamenepo. Ndikuona ngati ndi nkhani yomweyi ya paipi imene anena Mayi a Tawonga.

Mlamba tinkamukola ndi matumbo a nkhuku ogonetsa padzuwa tsiku limodzi, mpaka ntchentche kukulondola kuchokera kunyumba. Ena ankadula sopo wochapira wamtanda uja timabenthu, kusomeka pa mbedza, kutchera usiku. M'mawa mlamba ali pamenepo. Nthawi ya ngumbi, mvula zoyamba, panalibe nyambo yoposa ngumbi, chilichonse cha m'madzi chinkadya.

Koma ndinaonanso mbali ina. Ndinagwirako ntchito ku Nyika, ndipo ku Chelinda kuli madamu a trout, nsomba ya m'madzi ozizira imene anabweretsa azungu. Kumeneko nyongolotsi saloleza. Amamanga tinthenga ndi ulusi pa mbedza kuti zioneke ngati kachilombo, n'kumaponya ndi chingwe chija amachizunguza m'mwamba. Nthenga youma, yopanda fungo lililonse, koma nsomba kudumpha n'kumeza. Mpasa nayenso akamakwera mitsinje nthawi ya dzinja, ku Bua kapena North Rukuru, anthu amamukola ndi kachitsulo konyezimira ngati supuni. Chitsulo chimanunkhira chiyani? Ndiye musamangoti nsomba nsomba. Funsani kaye kuti nsomba yanji, m'madzi otani, mwezi wanji.

Mtonga wa pa Chikale: Yewo adada. Nkhani ya mwezi imeneyo ndi yaikulu. Mwera ukaomba ngakhale mutathira uchi, palibe chimene mupeze.

Wa pa Mzuni: Zoona agogo. Makumba madzi akatsika pansi pa madigiri 20 amachita ulesi kudya. N'chifukwa chake madamu a muno mu Mzuzu mu Juni ndi Julayi amavuta, pomwe ku Mpamba, poti ndi kumunsi kofunda, zimadyabe. Ndiwonjezere chimodzi chokhudza a Makanika, musandikwiyire. Fungo limathanso kuthamangitsa nsomba. Ku Canada m'zaka za m'ma 1950 akatswiri anaona kuti munthu akasamba m'manja m'madzi amene nsomba za salmon zikukwera, nsombazo zimaima kaye osapitirira. Anadzapeza kuti khungu la munthu limatulutsa amino acid ina yotchedwa serine imene nsombazo zimaimva ngati chizindikiro cha mdani. Komanso Karl von Frisch, yemwe uja anadzalandira mphotho ya Nobel mu 1973 chifukwa cha kafukufuku wa njuchi, anapeza mu 1938 kuti tinsomba tina ta mtundu wa matemba khungu lake likavulala limatulutsa fungo lochenjeza anzake kuti athawe. Tsono ngati mphuno zake zili zotere, manja a dizilo, girisi, fodya kapena mafuta odzola akamakanda nsima ya nyambo, mwina adyo uja ntchito yake n'kungobisa fungo la mwini wake.

Kabaza Zolozolo: Ndinanena ine!! fuleva ya dizilo kkkkkkk

Makanika wa ku Luwinga: Iwe Kabaza, njinga yako ikadzafa usadzabwere ku Luwinga. Manja ndimasamba ine.

Mayi a Tawonga: Mumasamba ndi petulo achimwene, ndinakuonani pa galaja.

Mlongo wa ku Masasa: Pepani kulowerera, amene akufuna batala wouma wa ku Usisya ndili naye, andipeze ku inbox

Adimini: Amayi, malonda ndi Lachisanu. Tabwererani ku nkhani.

Aphunzitsi a Masamu: Ndakhala ndikuwerenga pa nthawi yopuma. Vuto lathu ndi lakuti aliyense akunena za tsiku limodzi limene iye anakola. Munthu akathira vanila n'kukola, amati ndi vanila. Akathira osakola, amati lero kwazizira. Botolo silimaluza mlandu. Ndiponso amene ali ndi timabotolo makumi atatu, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, adzadziwa bwanji kamene kagwira ntchito? Tiyeni tiyese bwinobwino Lamlungu likubwerali tikaweruka ku tchalitchi. Anthu anayi, aliyense ndodo ziwiri zofanana, mbedza saizi imodzi, chingwe chimodzi, kuya kofanana. Nsima iphikidwe mumphika umodzi, tiigawe pawiri, theka lina tithire mankhwala. Ndodo ziwirizo zitalikirane mamita atatu kapena anayi kuti fungo lisasakanikirane, ndipo mphindi 30 zilizonse tizisinthanitsa, ya kumanja ipite kumanzere. Pakona ya paipi pasakhale munthu. Ine sindiwedza, ndikhala ndi kope n'kumalemba.

Wakujoni: Ndavomera. Mankhwala ndipereka ine, koma ndithira ndekha. Timadontho tiwiri pa chibulunga, osapitirira. Bwana wanga ankati ukachulutsa nsomba zimathawa.

Aphunzitsi a Masamu: Muthire inu, koma kuseri, ndipo Mayi a Tawonga ndi amene azigawa nyambo. Zikanatheka wowedza asadziwe kuti ndodo iti ili ndi chiyani, chifukwa munthu amayang'anitsitsa ndodo imene akuikhulupirira, inayo nsomba n'kudya nyambo iye osaona.

Mayi a Tawonga: Asadziwe bwanji aphunzitsi, chinthu chonunkha mpaka ku msewu? kkkk

Aphunzitsi a Masamu: Pamenepo mwandigwira. Tingoyesetsa.

Madala a ku Chiputula: Mukatengekonso chiwindi cha nkhuku, mukhale mpaka kachisisira muyese mlamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Adimini: Ndalankhula ndi mwini damu, walola, koma akuti nsomba zonse tipime ndipo tilipire pa kilo monga kale. Akutinso chobiriwira chija akufuna achione kaye asanalole kuti chilowe m'madzi mwake.

*Lamlungu, 8:47 usiku*

Aphunzitsi a Masamu: Tafika bwino. Nazi za m'kope. Anawedza ndi a Wakujoni, a Makanika, a Mtonga ndi Kabaza, kuyambira 1 koloko mpaka 4 koloko. Nsima yothira nthochi: nsomba 19. Nsima yosathira: nsomba 17. Zonse makumba, kupatula chilunguni atatu. Pa sikelo yosathira inaposa pang'ono chifukwa a Mtonga anavuula chilunguni mmodzi wamkulu. Mukaona munthu payekhapayekha, a Wakujoni yothira 8 yosathira 4, a Mtonga yothira 4 yosathira 7, a Makanika 5 ndi 4, Kabaza 2 ndi 2. Kunena mwa masamu, 19 ndi 17 sizikutiuza kanthu. Mutaponya ndalama m'mwamba ka 36, kupeza mutu ka 19 si chodabwitsa.

Wakujoni: Koma 8 kwa 4 yanga ija mwaiona.

Mtonga wa pa Chikale: Ndi 7 kwa 4 yanga mwaionanso. Ine ndinakuyang'anani achimwene. Ndodo yothira munkaigwira m'manja, maso pa kachidutswa ka patapata koyandama pa chingwe kaja, kakangoti nyomi inu mwakoka kale. Inayo munaitsamiritsa pa mphanda, kawiri konse ndinachita kukuuzani kuti ikudyedwa. Ndiponso yothirayo munkasintha nyambo pafupipafupi, inayo nsima inkachita kusungunuka mbedza n'kutsala yokha.

Wakujoni: Mwina. Koma ngati kabotolo kakundipangitsa kukhala tcheru, ndiye kuti kakugwirabe ntchito.

Aphunzitsi a Masamu: Kakugwira ntchito pa inu, osati pa nsomba.

Wakujoni: Sikelo sifunsa zimenezo aphunzitsi.

Mayi a Tawonga: Chimene ndinaona ine pogawa nyambo: ulendo woyamba ndi wachiwiri ndodo zothira zinkayamba kugwedezeka msanga, koma tinali tiana ta makumba tosakwana chikhatho, tongojompha. Zikuluzikulu zinabwera mochedwa ndipo sizinasankhe. Komanso chobiriwira chija mwini damu anachikana. A Wakujoni anadontheza kamodzi mu ndowa, madzi onse kusanduka ngati sobo, bambo aja anangoti izi m'damu mwanga ayi, nsomba zimenezi ndimagulitsa kwa anthu.

Wakujoni: Ndi utoto chabe uja, ku Joni amathira tsiku ndi tsiku. Koma damu ndi lawo, sindinakangane nawo.

Kabaza Zolozolo: Nenaninso za ine aphunzitsi, musabise

Aphunzitsi a Masamu: Kabaza itakwana 4 koloko, kuyesa kutatha, anatenga kabotolo ka adyo n'kukhuthulira pafupifupi theka pa nsima yake, akuti akufuna aone mphamvu yake yonse. Anakhala ola lathunthu osagwedezedwa ngakhale kamodzi, pomwe a Makanika pambali pake anavuula atatu. Mu minibasi pobwera anthu anatsegula mawindo onse ngakhale kunkawaza.

Kabaza Zolozolo: Mayi wina anandifunsa ngati ndimagulitsa kanyenya

Madala a ku Chiputula: Nanga mlamba?

Mtonga wa pa Chikale: Apo ndiye panali nkhani adada. Tinatsala atatu mpaka mdima. Tinatchera mbedza zisanu ndi imodzi kumunsi kwa damu kumene kuli matope: ziwiri nsima ya nthochi, ziwiri chiwindi chokha, ziwiri chiwindi chothira kadontho ka adyo. Nsima sinakhudzidwe n'komwe. Chiwindi chokha milamba iwiri, chothira adyo itatu, umodzi wa makilo 2 umene unathyola nsungwi ya a Makanika, anachita kuugwira ndi manja m'matope mpaka m'mawondo. Ndiye fungo pa mlamba ndi nkhani yeniyeni, koma fungo lake la nyama.

Wa pa Mzuni: Itatu kwa iwiri sitinganene kuti adyo wathandiza, koma isanu kwa ziro pakati pa chiwindi ndi nsima ndiye zikugwirizana ndi zimene tinakamba. Tikanabwereza maulendo angapo, mwezi wotentha ndi wozizira, tikanadziwa bwino. Ndikhoza kubwereka choyezera kutentha kwa madzi.

Makanika wa ku Luwinga: Chabwino, ndavomera kuti Loweruka lija anandiposa ndi paipi osati botolo. Koma ndikufunabe lamulo. Lero ndi nthochi, mawa wina abwera ndi zinthu zoledzeretsa nsomba n'kumati ndi fuleva.

Madala a ku Chiputula: Pamenepo wanena za nzeru. Katupe tinamuona ife, dziwe lonse kuyera ndi mimba za nsomba, ndi tiana tomwe. Lamulo la za usodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni, ndipo gulu lathu lisadzapezeke pafupi ndi zoterozo.

Adimini: Ndamva mbali zonse. Ndikulemba motere, amene akutsutsa anene usiku uno. Chothira pa nyambo n'chololedwa ngati ndi chinthu choti mwini wake akhoza kulawa pamaso pathu: vanila, adyo, uchi, masese, chiponde, zonsezo bwerani nazo. Chimene simungaike pa lilime lanu chisalowe m'madzi, ndipo mwini damu akakana chinthu, chakanika. Malo tizitola pa mayere, manambala m'chipewa, kulawirira kwatha. 11 koloko aliyense asuntha manambala atatu kupita kumanja. Pakona ya paipi patsekedwa. Kuthira madeya kapena masese m'madzi tsiku la mpikisano lisanafike n'koletsedwa, pa tsikulo aliyense kapu imodzi.

Wakujoni: Sopo wa Madala uja ndiye wagwa pa lamulo limeneli.

Madala a ku Chiputula: Ndalawapo sopo kambirimbiri ndili mwana, amayi akundisambitsa. Koma musiyeni agwe.

Kabaza Zolozolo: Nanga nyongolotsi a Adimini? Tizilawanso?

Adimini: Nyongolotsi ndi nyambo, si chothira. Usandizunguze mutu usiku uno.

Mayi a Tawonga: Amene akufuna vanila asavutike ndi za ku Joni, ndibweretsa wa keke, kadontho K200.

Adimini: Malonda ndi Lachisanu amayi.

Makanika wa ku Luwinga: Amwene, ka adyo kaja katsala pang'ono eti? Mundisungireko theka, ndikupatsani pa Airtel Money, koma musauze anthu pa gulu

*Uthenga uwu wafufutidwa*

Kabaza Zolozolo: Mwachedwa a Makanika, ndajambula kale 😂😂

Wakujoni: Katsala kotala, Kabaza anamwaza kenako. Mubwere nayo nsungwi ina, ija inathyoka.